Ndinagwetsa Keke ya Apongozi Anga

1

Lamulungu lililonse dzuwa likapendeka, ana onse a apongozi anga amakumana pakhonde pawo kumwa tiyi. Tsiku limenelo tinalipo tonse: ine ndi amuna anga, omwe ndi kalipentala, mlongo wawo yemwe ndi mlamu wanga, mwamuna wake, amalume awo, ndi ana akuthamangitsana pabwalo. Apongozi ndi katswiri wophika makeke. Uvuni wawo suzima, ndipo fungo la pakhomopo limakuchingamira usanatsegule geti.

Ali ndi chizolowezi chimodzi chomwe saphonya. Keke iliyonse ya pabanja akaidula, chidutswa choyamba chimapita kwa mwamuna wamkulu wa pakhomo. Kale chinali cha malemu apongozi aamuna. Iwo atatisiya, chinagwera amuna anga, mwana wawo woyamba, amene mpaka lero amamuitana kuti Chisamba ngakhale imvi zayamba kutuluka.

"Chisamba, landira," anatero apongozi akukankha mbale patebulo.

Ndinatambasula dzanja n'kuilandira ine isanafike.

"Akadyera kunyumba, amayi. Ndiwakulungira."

"Ayambatu a Mai Mazira," anatero mlamu wanga akuomba m'manja. "Alamu, kodi achimwene angawa munawasoka pakamwa ndi makina anu aja? Sangayankhe okha?"

Ine ndine telala, n'chifukwa chake ankanena za makina.

"Ndikanakhala wosoka pakamwa pa anthu, alamu, ndikanayambira inu."

Mwamuna wake anaseka mpaka kutsamwa ndi tiyi, koma atakumana maso ndi mkazi wake anasandutsa kusekako kukhala chifuwa. Amuna anga anangoweramira kapu yawo ya tiyi wopanda shuga, n'kumatakasa ngati muli chotakasa.

Apongozi sanakweze mawu. Iwo sakweza mawu.

"Mwana wanga waonda," anatero akuyang'ana lamba wake. "Taonani mabowo atsopanowo. Ndinamulera ndi manja awa, lero chakudya cha manja omwewa chasanduka chonyansa."

Ndikanatha kuthetsa nkhani yonseyo ndi mawu ochepa chabe. Koma mawuwo ndinali nditalonjeza kuti sadzatuluka pakamwa panga, ndipo Lamulungu lililonse lonjezolo linkandidyera malo anga m'banja lija, pang'onopang'ono ngati chiswe.

2

Chimene aliyense ankadziwa n'chakuti nzeruzi zinali zanga. Ndinalengeza ndekha kuti m'nyumba mwanga simulowanso buledi, mpunga, mbatata, shuga ngakhale zakumwa zotsekemera za m'mabotolo, ndipo amene anandikwatira adya chomwe ndikudya ine. Nyama, nsomba, mazira, masamba, mapeyala, mtedza wongotapa. Za ufa zonse, ayi.

Kunyumba zimenezi sizivuta, umangotseka chitseko. Nkhondo ili kumaphwando.

Ndinaphunzira kuti kuphwando sumapita ndi njala, chifukwa njala ilibe manyazi. Tinkadyeratu kunyumba, ndipo m'chikwama changa munkakhala mazira owiritsa okulunga m'kansalu. Pa ukwati wina ndinakhalira chikwamacho osadziwa, ndipo nditachitsegula kuti nditenge mpango, fungo linadzaza mzere wonse wa mipando. Mlamu wanga anali pambali panga. Dzina la Mai Mazira linabadwa tsiku limenelo.

Pamzere wa chakudya ndinkaima kutsogolo nditanyamula mbale zonse ziwiri.

"Amayi, kampunga pang'ono?" ankafunsa wogawa chakudya atanyamula chipande.

"Nyama ndi kabichi basi."

"Nanga abambowa?"

"Chimodzimodzi."

"Iwo alibe pakamwa?"

"Ali napo. Akusungira nyamayi."

Ndinaphunziranso kuti dzanja lopanda kanthu limaitana botolo. Choncho tikangofika ndinkawapatsa amuna anga tambula ya madzi, ine yanga, n'kumayenda nazo ngati anthu otanganidwa. Keke ikamazungulira ndinkalandira ndi manja awiri, kuthokoza, n'kuipereka kwa amene ali pafupi. Kukana kumabala mafunso, koma kulandira n'kupatsa mnzako kumaoneka ngati ulemu.

Musaganize kuti ndinkakondwa nazo. Ine ndinakula ndikukonda mpunga, ndipo keke ya apongozi, ija amathira khungu la ndimu, ndinkaikonda kuposa ana awo onse. Masiku ena ndinkalota buledi wotentha n'kudzuka ndikutafuna mphepo.

Ndiye panali mphekesera. Ena ankati ndikudzichepetsa thupi chifukwa cha bambo wina amene ankabwera kawirikawiri kudzafupikitsa mathalauza. Bamboyo ndi wamfupi basi, mlandu wake ndi umenewo. Ena ankati ndinalowa mpingo woletsa kudya. Ena ankati amuna anga ndinawadyetsa mankhwala, ndipo apa ndinkaseka ndithu, chifukwa kwa apongozi mlandu wanga unali wosawadyetsa. Zonsezi ndinkazimva, n'kupitiriza kuponda makina anga.

3

Apongozi anali pafupi kukwanitsa zaka makumi asanu ndi awiri, ndipo ana awo anakonza phwando lalikulu. Mlamu wanga anabwera kushopu kwanga kuti ndimuyeze diresi. Ngakhale timakangana, zovala zake amasokera kwa ine, poti amadziwa kuti palibe wina amene amakhoza mapewa ake.

"Kwezani mkono, alamu."

"Ndabwera ndi uthenga," anatero mkono uli m'mwamba. "Amayi akuphika okha keke ya tsikulo. Chidutswa choyamba sachiika m'mbale ayi. Adzawadyetsa achimwene ndi dzanja lawo, anthu onse akuona."

"Pumani bwino, mukukoka mimba."

"Sindikukoka! Ndipo amalume anena kuti mukadzangowachititsa manyazi amayi tsiku limenelo, mudzalongedza. Atopa nanu."

"Ndamva. Diresi mudzatenge Lachinayi."

Atachoka ndinakhala pansi. Ndinalowa m'banja lija ndili mtsikana. Apongoziwo ndi amene anandisambitsira mwana wanga woyamba pamene ine ndinkaopa kumugwira. Sindinkafuna kuchoka.

M'mawa wa tsiku la phwando ndinawapeza amuna anga m'shedi yawo akupala thabwa lomwe linali losalala kale.

"Abambo, ndimasuleni," ndinatero. "Ndatopa kukhala mfiti ya banja lino. Auzeni amayi anu."

"Phwandoli lidutse kaye, telala wanga. Lero ndi tsiku lawo. Ukufuna ndiwaphere tsiku lawo?"

"Munanena chomwecho pa ukwati uja. Munanenanso chomwecho mwana atabadwa kwa alamu."

Anaika pansi chopalira.

"Amayi akanyamula foloko n'kundiyang'ana, ine mphamvu zimandithera. Ndidzatsegula pakamwa, ndikudzidziwa. Ndipo ukudziwa zomwe zinachitika ulendo uja."

"Ndikudziwa."

"Usadzandilole. Udzachite chilichonse."

"Chilichonse?"

"Chilichonse."

Ndinawachotsa utuchi paphewa, n'kupita kukawiritsa mazira.

4

Anakhoma tenti pabwalo la apongozi. Anthu anadzaza: achibale, oyandikana nawo nyumba, amayi onse amene anawaphikirapo makeke a maukwati awo. Mlamu wanga ndi amene anakonza pokhala, ndipo anakonza mwanzeru. Amuna anga anawaika kutebulo la kutsogolo pambali pa amayi awo. Ine anandiika kumapeto kwenikweni, pafupi ndi ndowa yosambira m'manja.

Chakudya chinadutsa bwino. Ndinkawaona patali akukankhira mpunga m'mphepete mwa mbale n'kuuphimba ndi fupa la nkhuku monga ndinawaphunzitsira.

Kenako keke inabwera, atainyamula amuna awiri. Inali yosanjikiza katatu, yoyera mbee, maluwa a shuga akutsetsereka m'mbali ngati enieni. Ndinene zoona, sindinaonepo keke yokongola chotero. Anthu anaimirira kuti aione bwino.

Apongozi anadula, n'kunyamula chidutswa choyamba pafoloko.

"Ichi chinali cha bambo ake," anatero. "Lero ndi cha Chisamba wanga. Akhala akundilanda mwanayu Lamulungu lililonse, koma lero ndimudyetsa ndekha. Tsegula pakamwa, mwana wanga."

Anthu anaomba m'manja. Amuna anga anaimirira, nkhope ili thukuta lokhalokha. Maso awo anayendayenda m'tenti monse mpaka anandipeza kuseri kwa ndowa kuja. Ndipo akundiyang'ana chomwecho, pakamwa pawo panayamba kutseguka.

Sindikumbuka mmene ndinadutsira pakati pa mipando. Akuti ndinaponda phazi la abusa. Ndinkafuna kungogwira dzanja la apongozi, koma ndinafika ndi liwiro, dzanja langa linamenya foloko n'kuulukira uko, ndipo chiuno changa chinagunda tebulo. Keke inapendekeka, inaima pang'ono ngati ikuganiza, kenako yonse inatsetsereka n'kukhala pansi, phwa!

Nyimbo inazimitsidwa.

Ndinaima pakati pa mayi ndi mwana wake, nsapato zanga zili m'keke.

"Sadya," ndinatero.

5

Anatilowetsa m'chipinda chosungira ufa, kuseri kwa khitchini, kuti alendo asamve. Munali amalume, apongozi, mlamu wanga, amuna anga ndi ine. Panja tinkamva ana akulimbirana maluwa a shuga aja.

"Gwada upepese," anatero amalume. Aka kanali koyamba kundilankhula ngati mwana.

"Amalume, keke yagwayo ikundiwawa mtima. Inali ntchito yabwino, ndipo sindinafune kuti igwe. Pa imeneyo, amayi, pepani. Koma chidutswa chija sindipepesa. Akachinyamulanso mawa, ndidzachigwetsanso."

"Mwamumva?" anakuwa mlamu wanga. "Mwamumva mmene akuyankhira?"

"Chifukwa chake n'chiyani?" anafunsa apongozi motsitsa. "Ndinakulakwira chiyani, mwana iwe? Chakudya changa chili ndi chiyani?"

Funso limenelo linandipweteka kuposa kukuwa konse. Ndinaluma mlomo.

"Sindingathe kunena, amayi."

"Ndiye basi," anatero amalume. "Kanyamule makina ako ubwerere kwanu. Tidzakambirana ndi akwanu. Banja lino silisunga munthu womenya amayi ake pamaso pa anthu."

Ndinayang'ana amuna anga. Anali ataima pakona, maso ali pa matumba a ufa. Ndinawadikira. Sanatukule mutu. Ndinakoleka chikwama changa paphewa, mazira akugundana m'katimo, n'kuyenda kupita kuchitseko. Mumtima ndinati, ndichoka ndithu, koma lonjezo langa ndichoka nalo lili lathunthu, aone okha kuti wamantha ndani.

Nditagwira chitseko ndinamva nsapato ikugwa pansi.

Ndinacheuka. Amuna anga anali atakhala pa thumba la ufa, akuvula sokosi. Anatambasula phazi lawo lamanzere pamaso pa amayi awo. Pansi pa chala chachikulu panali chipsera chakuda, cholowa m'kati.

"Unali msomali wamng'ono, amayi," anatero. "Bala lake linakana kupola miyezi ndi miyezi."

Apongozi analiyang'anitsitsa. Phazi lotero ankalidziwa. Ankatsuka lofanana nalo m'mawa ndi madzulo, mpaka tsiku lomwe madokotala anadula mwendo wa amuna awo.

"Ndili ndi matenda a shuga," anatero amuna anga. "Omwe aja a bambo. Mankhwala ndikumwa, ndipo za zakudyazi anatiuza ndi akuchipatala. Mkazi wangayu sadwala chilichonse. Anasiya mpunga ndi buledi kuti ndisamadye ndekha ngati wolangidwa. Ndine ndinamupempha kuti azinena kuti nzeruzi ndi zake."

"Achimwene!" Mlamu wanga anagwira pakamwa. "Nanga osanena bwanji?"

"Waiwala, mlongo wanga? Pa maliro a bambo, amayi anagwa pansi akulira kuti ndawapha ndine ndi makeke anga. Anazimitsa uvuni chaka chathunthu. Anasiya kudya mpaka tinkawamwetsa ndi supuni. Ndikanawauza bwanji kuti mwana amene analandira chidutswa cha bambo walandiranso matenda a bambo?"

Amalume anakanda kumutu. "Komabe, mphwanga, kachidutswa kamodzi kakanakupha?"

"Ayi, amalume. Wina akhoza kudya kamodzi n'kusiya. Ine sindine wotero. Ulendo wina ndinalawa kamodzi komweko mkazi wanga atatembenuka. Sabata yonse yotsatira ndinkagula mabanzi n'kumabisa m'bokosi la zipangizo. Maso anachita chifunga ndili pa macheka, ndipo bala linatsegukanso. Amene ankalitsuka ndi uyu mukumuthamangitsayu."

Apongozi anakhala pansi pang'onopang'ono pa thumba lina. Ndinakonzeka kuwagwira, poganiza kuti akomoka. Sanakomoke.

"Ndinaona," anatero. "Chilimwe chija unkamwa madzi jagi ndi jagi, monga bambo ako. Ndinaona, ndinaopa kufunsa. Kenako ludzu lija linatha, ndinadziuza kuti ndinalota. Ine ndikachita mantha ndimaphika. Ndiye ndinkangophika."

Anapukuta maso ndi nsonga ya epuloni, ndipo atatukula nkhope inali itauma.

"Koma iwe Chisamba, unandiyesa dzira ine? Ndinaika mwamuna m'manda, ndinagwa, ndinadzuka ndekha n'kuyatsanso uvuni. Iwe wandisiya ndikukankhira keke kukamwa kwako Lamulungu lililonse, n'kubisala kumbuyo kwa siketi ya mkazi wako? Vala nsapatoyo!"

Anatembenukira kwa ine.

"Nawenso. Unalola ndikunyoze nthawi yonseyi?"

"Ndinalonjeza, amayi."

"Keke yanga wagwetsa."

"Ndagwetsa."

"Ndinaiphika masiku awiri."

"Inkaoneka, amayi."

Kenako anaimirira, nakutumula ufa kumbuyo kwa diresi.

"Tiyeni panja, alendo akudikira. Achimwene," anatero kwa amalume, "za makina zija muiwale."

6

Inu amene mukuwerenga, ndikudziwa ena mwa inu mwandiweruza kale. Mukuti mkazi wanzeru akanapeza njira yofatsa, akanakambirana ndi apongozi kumbali. Mwina. Koma chinsinsicho sichinali changa, ndipo pamene foloko inali m'mwamba panalibe nthawi yofatsa. Ndinasankha phazi la amuna anga, keke ndinaisiya igwe. Mpaka lero pali amayi ena amene amanditembenuzira nkhope kumsika, ndipo abusa akandiona amabweza phazi lawo. Sindinapite khomo ndi khomo kukadziyeretsa. Amene akufuna kundiyesa wamwano, andiyese.

Chomwe ndikupempha n'chaching'ono. Mukaona munthu paphwando akukana mpunga, kapena wanyamula tambula ya madzi pamene ena onse ali ndi mabotolo, musamuunjirire. Musamufunse ngati akudwala, musamuuze kuti kamodzi sikapha, musamuseke kuti akudzimva. Simukudziwa chimene wabisa m'sokosi. Mpatseni nyama, mupitirire. Ndipo inu amene mwabisa matenda kumbuyo kwa mkazi kapena mwamuna wanu, vulani nsapato msanga, mnzanuyo asanafike pachitseko. Amuna anga ndinawakhululukira, koma ndinawauza kuti chitseko chija ndinachigwira kamodzi, kachiwiri sindidzacheuka.

M'mawa mwa tsiku lotsatira phwando lija, Lolemba, ndikusesa pakhomo ndisanapite kushopu, ndinamva geti likulira. Anali apongozi, atanyamula dengu. Sanapepese, nanenso sindinapepese. Analowa m'khitchini mwanga ngati mwawo, n'kutulutsa mazira, mapeyala ndi mutu wa kabichi.

"Mazira ako umawiritsa mpaka kuda m'kati," anatero. "N'chifukwa chake amanunkha m'chikwama. Bweretsa poto ndikuonetse."

Ndinawapatsa poto. Anawiritsa, anasenda, n'kudula dzira limodzi pakati. Amuna anga analowa akumanga lamba, n'kuima pakhomo osadziwa kuti alowe kapena athawe.

"Chisamba, khala pansi," anatero apongozi.

Ananyamula chidutswa choyamba, n'kuima nacho m'mwamba. Anandiyang'ana.

"Ichi chololedwa, Mai Mazira?"

"Chololedwa, amayi."

Amuna anga anatsegula dzanja kuti alandire. Apongozi analidutsa dzanjalo, n'kuika chidutswacho m'mbale mwanga.

"Iwe udikire," anauza mwana wawo. "Tapatsa mkazi wako mchere."